ZA PA KHOMO: Posinthitsa Galimoto Yaikulu ndi Yaing'ono



Kale, njala ikagwa pa mudzi, munthu ankatsegula khola, natenga ng'ombe yace, napita nayo kwa mnansi wa nkhokwe yodzala. Ndipo pobwera ankakusa mbuzi ziwiri, ana ace atasenza madengu a cimanga. Ng'ombe idapita, koma khola silidatsale lopanda kanthu, ndipo banja lidafika masika lili ndi moyo. Malonda otere sadathe ai. Mu mzinda wa Lilongwe acitika masiku onse, kungoti ng'ombe ya lero iyenda pa matayala. Bambo amene wapuma pa nchito ku Capital Hill, kapena mai wamasiye wa ku Area 47 amene mwamuna wace adamsiyira Prado kapena Hilux, aona kuti galimoto yaikulu imwa mafuta koposa mphamvu ya thumba, ndipo fizi ya ana ili kudikira. Tsono apita nayo kwa ogulitsa magalimoto, nati: "Tengani iyi, mundipatse yaing'ono, ndi ndalama zapamwamba." A m'tauni achula malonda amenewa swapu.

Mau athu mwezi uno ndi awa: munthu wotsika pa galimoto yaikulu ndiye wogulitsa, si wogula ai. Pa zinthu ziwiri zoima pa bwalopo, ca mtengo woposa ndi cace. Akakumbukira ici, alankhula monga mwini cuma. Akaciiwala, alankhula monga wopempha, ndipo alandira gawo la wopempha.

Cifukwa cace ambiri ali kutsika

Sitinena kuti onse otsika adaononga cuma cao. Nthawi ndiyo idasintha.  Zimene zidagwedeza mabanja ndi za posacedwa. Mwezi wa May 2022 kwaca idatsitsidwa mphamvu ndi magawo 25 pa 100, ndipo mwezi wa November 2023 idatsitsidwanso ndi magawo 44 pa 100, kotero kuti dola imene inkagulidwa ku banki pafupifupi K1,180 idafika K1,700. Mwezi womwewo lita ya petulo idacoka pa K1,746 nifika pa K2,530, ndipo dizilo adafika pa K2,734. Mu 2022, ndiponso kumapeto kwa 2024, tidaona mizere ya magalimoto pa malo omwetsera mafuta, anthu akugona m'mipando ya galimoto zao usiku wonse kuyambira ku Old Town kufikira ku City Centre. Injini ya malita 2.7 kapena 3.0 siingafanane pa kumwa ndi ya lita 1.0 kapena 1.3, monga za Vitz ndi Passo. Munthu wa penshoni akawerenga zimenezi, nasankha kutsika, wacita mwanzeru. Cotsala ndi cakuti atsike bwino, asagwe.

Mitengo ndi iwiri

Pa swapu pali malonda awiri omangidwa ndi cingwe cimodzi. Inu mugulitsa yaikulu, nimugula yaing'ono. Wamalonda akonda kuchula ciwerengero cimodzi cokha, ndico ndalama zapamwamba, cifukwa m'ciwerengero cimodzico angabise phindu lace kawiri.

Tiyerekeze cabe, kuti ticione ndi maso. Galimoto yanu, mutaigulitsa modekha, ingapite pa K60 miliyoni; yaing'ono imene mwaikonda, munthu wa ndalama m'manja angaitenge pa K20 miliyoni. Kusiyana kwace kweni kweni ndi K40 miliyoni. Tsono mufika kwa wamalonda woyamba. Iye azungulira galimoto yanu, nagwedeza mutu, nati: "Bwana, zazikuluzi masiku ano siziyenda malonda." Aiwerengera K52 miliyoni, yace naiika pa K23 miliyoni, mulandira K29 miliyoni. Mucoka wokwiya, mupita kwa waciwiri. Uyu aiyamika galimoto yanu, nati mudaisunga ngati mwana. Aiwerengera K58 miliyoni, mtima wanu nukhala pansi. Koma yace yaing'ono aiika pa K28 miliyoni. Mulandira K30 miliyoni. Taonani, wonyoza ndi woyamika asiyana ndi miliyoni imodzi yokha, ndipo kwa onse awiri mwasiya K10 miliyoni kapena kuposapo. Kumeneko ndi fizi ya zaka, kapena denga la nyumba.

Cifukwa cace dulani cingweco. Yambani ndi yaing'ono: funsani mtengo wace monga munthu wodzagula ndi ndalama, musanachule konse kuti muli ndi ina yosinthitsa. Kuli bwino kufikako pa minibasi, kapena kutuma mbale wanu, pakuti wofika pa Prado auzidwa mtengo wa mwini Prado. Nenererani mpaka mtengo uime. Pambuyo pace, tsiku lina, bwerani ndi yanu, nimufunse: "Iyi, mutaigula yokha, mungapereke zingati?" Mitengo iwiri ikachulidwa payokha payokha, kucotsera angathe ndi mwana wa sukulu yemwe.

Kudziwa mtengo wa galimoto yanu

Ambiri ayesa galimoto yao ndi ndalama zimene adaigulira. Pamenepo pali msampha. Munthu amene adagula mu 2019, pamene dola inali pafupifupi K740, akamva lero ciwerengero coposa cimene adapereka, ayesa wapindula, nabvomera msanga. Koma kwaca ya tsiku lija si kwaca ya lero. Funso loyenera ndi ili: kodi munthu atafuna galimoto yonga iyi, ya caka comweci, angaifikitse ku Lilongwe ndi ndalama zingati lero lino? Magalimoto ambiri ogwiritsidwa kale nchito acokera ku Japan. Agulidwa ndi madola, akwera sitima ya pamadzi kufikira doko la Dar es Salaam, ayenda pa mseu mtunda wautali, nalowa m'dziko pa cipata ca Songwe ku Karonga. Ndipo a MRA alandirapo msonkho umene ukula monga mwa kukula kwa injini ndi ukalamba wa galimoto. Yanu idalipira kale zonsezo. Wamalonda akaitenga kwa inu, wapeza katundu wosafuna madola, pa nthawi imene madola ndi osowa. Imeneyo ndiyo mphamvu yanu, ndipo muichule poyera.

Safunsa adadya phula. Pitani pa mabwalo atatu kapena anai, mufunse mtengo wa magalimoto ofanana ndi yanu monga ngati mufuna kugula. Funsani makanika amene aisamala. Onani mitengo imene ena ali kutsatsira pa intaneti, pokumbukira kuti mtengo wotsatsira uposa mtengo wogulira. Mukatero, lembani pa pepala ciwerengero cimene simudzatsika kupitirira pamenepo, nimuciike m'thumba musanacoke pa khomo. Malire oikidwa kunyumba alimba. Oikidwa pa dzuwa la pa bwalo, anyamata a malonda atakuzingani, asungunuka.

Koma tisamnamizire wamalonda. Nayenso ali ndi zoona zace. Sienta kapena Vitz ipeza wogula msanga, pakuti aifuna ambiri, ena kuti anyamulire anthu. Koma ogula galimoto yaikulu ndi owerengeka, ndipo ingaime pa bwalo miyezi. Masiku onsewo iye alipira malo, alipira mlonda, akonza zofooka, ndipo ndalama zace zili gone. Kuyenera kuti adyepo. Wofuna kuti wamalonda asapindule konse afuna cosatheka. Cimene tikana ndi kudya kawiri m'ceza cimodzi, inu osadziwa. Mumfunse mwaulemu: "Acimwene, phindu lanu pa galimoto yangayi mwaliika pa zingati, ndipo cifukwa ninji?" Akachula matayala otha, muwerenge naye mtengo wa matayala. Akachula utoto, muwerenge wa utoto. Cilema ca K1 miliyoni cisacotse K5 miliyoni.

Nyengo nayonso ili ndi mau. Wofika pa bwalo sabata lotsegulira masukulu aonekera pa nkhope kuti ali ndi tsiku lomuthamangitsa. Msika wa fodya ku Kanengo utsegulidwa kawirikawiri mwezi wa April, ndipo miyezi yotsatira alimi aakulu ndi amalonda akhala ndi ndalama, nafuna galimoto zolimba za ku mudzi. Amene adziwa kuti fizi idzafunika September, ayambe kutsatsa June. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndalama zapamwamba zifike tsiku lomwelo

Apa ndipo pagwera ambiri. Pa swapu wamba wogula ndiye aonjeza ndalama, wamalonda nalandira. Koma pa swapu yotsika, wamalonda ndiye ayenera kuturutsa, ndipo kawirikawiri alibe, pakuti cuma cace cili m'magalimoto oima pa bwalo, kapena ali pa nyanja. Tsono ati: "Tengani yaing'onoyi ndi theka la ndalama, zotsala ndikupatsani ndikagulitsa yanuyi." Mau ofatsa, koma tanthauzo lace ndi lakuti inu mwamkongoza wamalonda mamiliyoni, popanda ciongola dzanja, popanda cikole, popanda tsiku.

Ngakhale akhale munthu wokhulupirika, nthawi yokha ikudyerani. Taganizani munthu amene anali kudikira K30 miliyoni kumayambiriro kwa November 2023. Ndalamazo zinali ngati madola 25,400. Kwaca itatsitsidwa zidasanduka ngati madola 17,600, asadabe munthu ali yense. Galimoto imene adaisiya pa bwalo idakwera mtengo, koma ngongole yace idaima pomwepo. Akulu adati, fodya wako ndi uyo ali pa mphuno, wa pa cala ngwa mphepo.

Lamulo lace likhale ili: makiyi, bulubuku ndi ndalama ziyende pamodzi, tsiku limodzi. Pitani nonse awiri ku banki, ku Old Town kapena ku City Centre, ndipo wa ku banki akuuzeni yekha kuti ndalama zalowa m'buku lanu. Uthenga wa pa foni ungapekedwe. Musalole kuwerengera ndalama pa bwalo: K29 miliyoni m'mapepala a K5,000, amene adaturuka mu 2022, ndi mapepala 5,800, ndipo palibe maso angayese onsewo pa fumbi ndi phokoso, kapena miyendo ingafike nao kunyumba mosaopa. Wamalonda akati sangathe kulipira zonse, musakangane naye. Muthokoze, nimubwerere ndi galimoto yanu. Njira ina ilipo, ndiyo kuigulitsa nokha kwa munthu woifuna, ndi kudzagula yaing'ono ndi ndalama m'manja. Njirayi icedwa, ndipo itopetsa, koma nthawi zambiri isiya zocuruka m'nyumba. Kungodziwa kuti njirayi ilipo kulimbitsa mau anu pa bwalo.

Yaing'ono iyesedwe monga yaikulu

Mtima ukakhala pa mamiliyoni, maso aiwala galimoto imene mudzayendamo zaka. Wamalonda adzayesa yanu ndi makanika wace, pansi ndi pamwamba. Inunso citani cimodzimodzi ndi yace. Mubwere ndi makanika wanu, wa ku Biwi kapena kwina, amene mumlipira ndinu, wosadya naye mbale imodzi mwini bwalo. Aiyendetse injini itazizira, aikweze, aone ngati idagundidwapo, amvere giya. Ciwerengero ca makilomita cibwezedwa m'mbuyo ndi anthu osaopa. Koma ciongolero cosalala, mipando yofooka ndi zopondera zakutha sizinama. Sienta imene idanyamula anthu zaka ziwiri ingapakidwe utoto, niwala ngati yatsopano. Cikomekome ca nkuyu, m'kati muli nyerere. Ikakhala ya mtundu woyendera mafuta ndi magetsi pamodzi, monga Aqua, funsani za batire lace lalikulu, pakuti likafa, mtengo wace udya zimene mudapulumutsa pa mafuta.

Ganizaninso za njira zanu. Galimoto yaing'ono ndi yofupika mimba. Pa phula la Area 10 ndi Area 43 iyenda mokondwa. Koma ngati mwezi ndi mwezi mupita kukaona makolo ku mudzi, pa mseu wa matope wa January, sankhani yotukuka pang'ono, mungadzalire ng'ombe yanu pa dambo loyamba.

Makalata

Galimoto ndi ya munthu amene dzina lace lili m'mabuku a boma. Ku ofesi ya Road Traffic eni magalimoto alembedwa m'makina ochedwa MalTIS, ndipo kusintha dzina kucitikira komweko. Amalonda ena akonda kusiya galimoto m'dzina la mwini wakale kufikira atapeza wogula. Musabvomere. Ikagunda munthu, kapena ikagwidwa ndi katundu woletsedwa, apolisi adzagogoda pa khomo la dzina lolembedwa. Maina onse awiri asinthidwe: yaikulu icoke kwa inu, yaing'ono ibwere kwa inu. Mupiteko nokha, madobadoba oima pa cipata alonjeza cangu, koma pepala likadzapezeka lonama, mlandu ndi wanu.

Yerekezani nambala ya chasisi ndi ya injini ndi zolembedwa m'bulubuku, cilembo ndi cilembo. Onani COF ndi inshulansi. Yaing'ono ikakhala yongofika kumene, ya nambala za IT, muone makalata a MRA osonyeza kuti msonkho udalipidwa wonse. Ikakhala yokayikitsa, apolisi, amene likulu lao lili ku Area 30, ali ndi njira yofufuzira ngati idabedwa kuno kapena kunja. Ndiponso ciyambire lamulo la 2013 la zikole za katundu wosunthika, ngongole zogwirira galimoto zilembedwa m'kaundula wa boma; kufufuzamo kukupulumutsani ku galimoto imene banki idzailanda.

Za galimoto yanu yomwe, zinthu zitatu zikonzedwe musanatsatse. Ngati ili ndi ngongole ya banki, yambani mwakamba ndi banki. Ngati idalowa m'dziko yosalipira msonkho, monga alolezedwa ena, funsani a MRA musanaigulitse, pakuti msonkhowo ungafunidwe, ndipo mudziwe msanga amene adzaulipira. Ngati ndi ya malemu, siigulitsidwa ndi mau a pa maliro. Lamulo la cuma ca masiye la 2011 lifuna kuti akhalepo wopatsidwa mphamvu yoyendetsa cumaco, ndipo lomwelo liletsa acibale kulanda za mai wamasiye ndi ana. Amai amasiye, musalole mlamu kutenga makiyi ndi kukakusinthirani m'mbali. Mupite naye, muone, mumve mitengo ndi makutu anu.

Potsiriza palembedwe cipangano: maina ndi nambala za ziphaso za onse awiri, nambala za magalimoto onse awiri, mitengo iwiri payokha payokha, ndalama zapamwamba, tsiku, ndi mboni za mbali zonse. Ali yense asunge pepala lace.

Manyazi ndi cilungamo

Catsala cimodzi cimene sicilembedwa pa pepala, koma cidya ndalama koposa zonse tachulazi, ndico manyazi. Munthu amene zaka khumi adalowa pa cipata ca nyumba yace pa galimoto yaitali, alonda namcitira sawasha, aopa maso a anansi. Potero afuna kuti malonda athe msanga, mwakacetecete, osafunsa munthu, ngakhale mkazi wace. Wamalonda wozolowera aona manyaziwo munthu asanatsegule pakamwa, ndipo adziwa kuti wotere sadzapita pa bwalo laciwiri. Abale, kutsika pa galimoto kuti mwana akhale pa sukulu si cinthu cobisa. Anansi adzalankhula sabata limodzi, naiwala. Koma K10 miliyoni yosiyidwa pa bwalo siidzabwera.

Cifukwa cace nkhaniyi iyambire pa mphasa ya m'nyumba. Mwamuna ndi mkazi apangane za malire a mtengo, ndi za kumene ndalama zapamwamba zidzapita, zisanafike. Pakuti ndalama zopanda dzina zitha ngati mcere m'madzi, ndipo pakutha caka banja lipezeka lilibe galimoto yaikulu, lilibenso ndalama. Pa bwalo mupite awiri. Mmodzi akatenthedwa mtima, wina ati, "Tiyeni tikagone nazo." Mutu umodzi susenza denga.

Ndipo cilungamo cimene tifuna kwa wamalonda, ifenso ticicite. Lamulo lacisanu ndi ciwiri, limene tiphunzitsa ana, silisankha mbali ya bwalo. Ngati injini yanu imwa oilo, ngati galimoto idagubuduzikapo nikonzedwa, nenani. Wonyengedwa weniweni sadzakhala wamalonda, koma banja lina longa lanu, limene lidzaigula ndi ndalama za thukuta. Ndipo munthu amene waulula yekha zilema za katundu wace ali ndi nkhope yofunsira mnzace kuti, "Nanga yanuyi, cilema cace n'ciani?"

Tsono amene muli ndi ganizo limeneli m'nyumba mwanu, tengani pepala usiku uno, mulembe ziwerengero zitatu: mtengo wa yanu, mtengo wa imene muifuna, ndi malire anu. Mukazidziwa zitatuzi, pitani pa bwalo mosaweramitsa mutu.